Munda wa pafoni, kope pambali

Mu Juni chaka chatha, chiperoni chitaphimba phiri masiku atatu, ndinapeza mphwanga atadzipinda pakhonde, foni ili m'manja, chala chikungopita uku ndi uku pagalasi ngati akusesa pabwalo. Mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wanga, anamaliza Fomu 4 ndipo akudikira kuti mwina zitseguke. Ndinamuyang'ana kanthawi, kenako ndinamufunsa ngati tirigu wa pafoniyo adzalowe m'poto tsiku lina. Iye, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Amalume, tadikirani kaye. Nkhokwe yadzaza, ndiye sindingakolole."

Mawu amenewo anandikhazika pansi pambali pake. Ine ndine mlembi wa kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Mulanje, cha ku Limbuli, ndipo kale ndinagwirapo ukalaliki wa pasikelo. Vuto lokolola ulibe poika ndimalidziwa ndi mphuno. Ndi fungo la masamba amene anathyoledwa m'mamawa n'kutsindiridwa m'matumba, galimoto ya ku fakitale yachedwa, ndiye pofika 2 koloko upise dzanja pakati, umve kutentha ngati thupi la mwana wa malungo. Masamba otere amafiira, ndipo akafika kumene akupita amakanidwa kapena kudulidwa makilo. Mnyamata uja anali atakumana ndi vuto lomwelo pafoni, kungoti iye sanataye ngakhale tambala.

Kuyambira tsiku limenelo ndimasewera magemu a ulimi, ndipo pano ndifotokoza mmene ndimachitira kuti ndisamangotayapo nthawi. Ndinene msanga kuti gemu siidzakuphunzitsani kulima. Kuunga mizere, kudulira tiyi, kuzindikira mbozi m'chimanga, zimenezo mukaphunzire kwa agogo anu ndi kwa alangizi. Chimene gemu imakupatsani ndi malo olakwitsira ulere. Kumunda kwenikweni, ukalakwitsa mu Novembala umalipira mpaka Epulo. Pafoni mbewu imacha ukumwa tiyi, moti ungagwe kakhumi usiku umodzi n'kudzuka wopanda ngongole kwa munthu.

Gemu yake iti?

Ndasewerapo atatu. Hay Day ndi ya kampani ya Supercell ya ku Finland, inatuluka mu 2012, ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa mafoni athu wambawa. Vuto lake n'lakuti popanda intaneti siitseguka, ndiye bandulo ikatha munda watsekedwanso. Stardew Valley anaipanga munthu mmodzi yekha, Eric Barone wa ku America, ndipo inatuluka mu 2016. Imeneyi ndi yogula, ndipo kugulako kumafuna khadi la ku banki lotha kulipira pa intaneti, koma mukagula mwathana nazo, imaseweredwa ngakhale kumene netiweki siifika. Yachitatu ndi Farming Simulator ya GIANTS Software ya ku Switzerland, imene inayamba mu 2008. Ina mwa izo, Farming Simulator 25, inatuluka mu 2024 ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Ine ndinasewerako ya 22 pa laputopu ya mnzanga wina wophunzitsa ku Chitakale, Loweruka lililonse magetsi akakhalapo.

Yambani ndi Hay Day. Koma musanaitsegule mulumbire chinthu chimodzi: simudzaikamo ndalama yeniyeni. M'gemumo muli madaimondi amene amafulumizitsa zinthu, ndipo akatha amakunyengererani kuti mugule ena. Munthu amene wagula daimondi kuti buledi apse msanga wadumpha phunziro lenileni, chifukwa phunzirolo lili m'kudikirako. Ndalama ya feteleza isathere pa ng'ombe zojambula.

Kope lisanabwere, musayambe

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anyamata. Iwo amasewera ndi chala chokha. Ine ndimasewera ndi kope la sukulu ndi cholembera, ndipo ndikakuuzani kuti kopelo ndi lofunika kuposa foni, sindikukokomeza.

Tsamba lililonse muligawe panayi. Poyamba tsiku. Pachiwiri zimene muli nazo: ndalama za m'gemu, zokolola m'nkhokwe, malo otsala. Pachitatu zimene mwaganiza kuchita, ndi chifukwa chake. Pachinayi mmene zatulukira. Gawo lachitatulo mulembe musanadine chilichonse. Musanadine, ndikubwereza. Mukalemba pambuyo mudzadzinamiza, chifukwa mtima wa munthu umakonda kunena kuti "ndinkadziwa kale" zinthu zitachitika. Tsamba langa loyamba lili ndi mawu awa: "Ndigulitsa tirigu yense kuti ndigule khola la ng'ombe, chifukwa mkaka uli ndi ndalama." Pansi pake, ndi inki ina, pali mawu awiri okha: "Mbewu palibe."

Chimene chinachitika ndi ichi. Mu Hay Day mbewu ndi zokolola zomwezo. Ukadzala tirigu mmodzi umakolola awiri, ndipo mmodzi mwa awiriwo ndiye mbewu ya ulendo wotsatira. Ine ndinaona kuti tirigu 10 akugulitsidwa makobili 36, ndinasesa nkhokwe yonse, n'kutsala ndi minda yolimidwa bwino koma yopanda choikamo. Ndinayendayenda m'timashopu ta anzanga kufuna kugula tirigu yemwe ndinali nditangogulitsa kumene. Mphwanga anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke kwambiri, chifukwa ndinakumbukira chaka china pamene ndinagulitsa chimanga kwa mavenda mu Epulo, mtengo uli pansi, n'kukachigulanso mu Januwale ndi ndalama ya katapila. Kuyambira pamenepo, pamwamba pa tsamba lililonse ndimalemba nambala imodzi n'kuizungulira: zosakhudza. Ndili ndi minda 12, ndiye tirigu 12 sagulitsidwa zivute zitani. Nambala yomweyo ndinaitengera m'kope la pakhomo, matumba akudya ndi mbewu payekha, ogulitsa payekha.

Pezani pamene pathina

Iyi ndi ntchito ya sabata yonse yoyamba, ndipo ndikhalitsapo chifukwa ndi imene inandipindulira kwambiri.

Mu Hay Day chilichonse chimadalira chinzake. Tirigu amacha pa mphindi 2, chimanga pa mphindi 5, soya pa mphindi 20, nzimbe pa mphindi 30. Nkhuku kuti iikire dzira imafuna chakudya chopangidwa ndi tirigu ndi chimanga, ndipo dziralo limatenga mphindi 20. Ng'ombe imadya zosakaniza soya ndi chimanga, mkaka n'kutuluka pakatha ola. Buledi mmodzi amadya tirigu 3 ndi mphindi 5 mu uvuni. Nkhokwe ya zokolola imayamba ndi malo a zinthu 50 zokha, shedi ya mazira, mkaka ndi buledi chimodzimodzi, ndipo kuti uzikulitse uyenera kutolera misomali, matabwa ndi zina zimene zimapezeka mwa apo ndi apo.

Munthu wongoyamba kumene amakonda tirigu chifukwa amacha msanga. Amakolola, kudzala, kukolola, kudzala, chala chikuthamanga, mtima ukumuuza kuti akugwira ntchito kwambiri. Pakatha mphindi 10 nkhokwe yadzaza tirigu yekhayekha, nzimbe zacha koma zilibe polowa, chigayo cha zakudya za ziweto chaima chifukwa soya sanadzalidwe, ng'ombe zili ndi njala, ndipo uvuni ukuphika buledi mmodzimmodzi monga mwa nthawi zonse, osasamala kuti panja pali phiri la tirigu. Kuwonjezera minda pamenepa n'kuwonjezera vuto.

Ndiye madzulo aliwonse, musanatseke gemu, mudzifunse mafunso awiri n'kulemba mayankho: chaima n'chiyani, ndipo chikudikira chiyani? Mutsatire yankholo kubwerera m'mbuyo mpaka mufike pa chinthu chimene sichikudikira china koma chikuchedwetsa zonse. Pamenepo ndiye pathina. Ndalama yanu yotsatira ipite pamenepo, osati pa chinthu chokongola chimene changotsegulidwa kumene. Mukapamasula mudzaona kuti kuthinako kwasamukira pena. Musadandaule, ndi mmene zimakhalira. Kwa ine kunayambira pa nkhokwe, kunapita pa chigayo, kenako pa makina a mkaka.

Patatha milungu itatu ndinapita ndi mafunso omwewo ku shedi yathu yogulitsirapo masamba. Nyengo yamvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndi pamene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo chaka chilichonse pa msonkhano tinkati vuto lathu ndi kuchepa kwa othyola. Ndinaima pambali m'mawa wina ndi wotchi ya pafoni. Othyola sanali vuto. Onse ankafika nthawi imodzi, sikelo ndi imodzi, ndipo aliyense akafika pasikelo m'pamene ankakhuthula dengu n'kuyamba kuchotsa masamba okhwima, mzere wonse ukumudikira padzuwa. Ndinauza a tcheyamani kuti, "Bambo, sikeloyi nthawi yambiri ikungolendewera yopanda kanthu, pamene anthu 30 ali pamzere." Tinayala mikeka itatu patali ndi sikelo kuti kusankha kuzichitikira kumeneko, wofika pasikelo azifika ndi masamba oyera kale, awiri ndi kansonga. Tinagawanso nthawi yofikira potengera midzi. Sitinagule chilichonse. A tcheyamani anafunsa kumene ndinaphunzira zimenezi, ine ndinangoti ndinawerenga penapake.

Zina ziwiri zazing'ono za Hay Day ndingozitchula modutsa. Pa bolodi la maoda a galimoto, si oda iliyonse yoyenera kuilandira. Ina imafuna zinthu zokudyerani tsiku lonse pa malipiro ochepa, ndipo gemu imalola kuitaya n'kudikira ina. Phunzirani kukana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chachiwiri, mbewu zochedwa muzidzala pokagona, zofulumira muzidzala foni ili m'manja. N'chimodzimodzi kupatsa waganyu ntchito yaitali tsiku limene mukupita ku msika wa ku Limbuli, n'kusunga ntchito yofuna maso anu tsiku limene mulipo.

Masamu a mbewu zitatu

Stardew Valley ndi yodekha, ndipo imaphunzitsa za kalendala ndi mpamba. Nyengo iliyonse ili ndi masiku 28, ndipo nyengo ikasintha mbewu zambiri za nyengo yapitayo zimafota pompo, kaya zinatsala tsiku limodzi kuti ziche. Umayamba ndi ndalama 500 za m'gemumo ndi timbewu 15. Tsiku lililonse uli ndi mphamvu zowerengeka. Kulima, kuthirira, kudula mitengo, zonse zimadya mphamvuzo, ndipo zikatha munthu wako amangozandima.

Tengani kope muwerenge nane mbewu zitatu za nyengo yoyamba. Parsnip, chinthu chonga karoti woyera, mbewu yake ndi 20, chimagulitsidwa 35, chimacha pa masiku 4. Mbatatesi mbewu ndi 50, kugulitsa 80, masiku 6. Kolifulawa mbewu ndi 80, kugulitsa 175, masiku 12. Mukafunsa mwana wa sukulu kuti yaphindu ndi iti, anena kolifulawa, chifukwa 95 ndi wamkulu kuposa 30 ndi 15. Ngakhale mutagawa ndi masiku, kolifulawa akupatsani pafupifupi 8 patsiku pa phando limodzi, mbatatesi 5, parsnip osafika 4.

Koma taonani mbali inayo. Muli ndi 500 yokha. Mukagula kolifulawa mupeza mbewu 6, mudikira masiku 12, mutenga 1,050. Mukagula parsnip mupeza mbewu 25, pakatha masiku anayi muli ndi 875, mugulanso mbewu 43, pakatha masiku ena anayi muli ndi ndalama yopitirira 1,500, kolifulawa uja asanayambe n'komwe kuoneka mutu. Ndiye yaphindu ndi iti? Yankho lili pa chimene chikukusowani. Ngati chosowa ndi mpamba, dzalani chimene chimabweza ndalama msanga kuti izizungulira. Koma mapando akafika 70 kapena 80, mudzapeza kuti kuthirira kokha kukudya mphamvu zanu zambiri za tsikulo. Tsopano chosowa si ndalamanso, ndi manja, ndipo m'pamene kolifulawa amayamba kukoma, chifukwa pa kuthirira komweko akubweza zambiri.

Masamu amenewa ndinawaika patebulo kwa mayi a kunyumba pamene tinkakangana za kadimba kathu, kuti tiikemo zinanazi kapena mpiru ndi tomato. Chinanazi chimakudikiritsa kupitirira chaka usanadye ndalama yake, mpiru umathyola pakangotha milungu ingapo. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, zimenezo mpaka mukaphunzire pafoni? Ife ku banki m'khonde timazidziwa kalekale." Ananena zoona. Kusiyana kwake n'koti kale ndikanangolimbikira zinanazi chifukwa aliyense kuno amadzala zinanazi, pamene tsiku limenelo tinagawa dimbalo titawerenga, mbali yaikulu masamba, mzere wa kumtunda zinanazi.

Muzolowerenso kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Kolifulawa amafuna masiku 12, nyengo imatha pa 28, ndiye tsiku lomaliza kumudzala ndi la 16. Wodzala pa 17 wataya 80 pa phando lililonse. Palinso nkhani ya kathini yothirira: ukaipereka kwa wosula kuti aikonze ikhale yabwinoko, imakhala kumeneko masiku awiri. Wanzeru amayang'ana kaye zanyengo pa TV ya m'gemumo, n'kuipereka atathirira, mawa lake kukugwa mvula. Ine ndinaipereka pakati pa dzuwa, mbewu zinaima osakula. Chaka chino sikelo ya kalabu tinaipititsa kokonzetsa mu Ogasiti, masamba ali ochepa, osati mu Januwale ngati mmene tinkachitira itafa kale.

Ngongole ndi thirakitala

Farming Simulator ndi ya minda ya azungu, mahekitala ambirimbiri, makina a John Deere ndi Massey Ferguson aakulu ngati nyumba. Poyamba ndinkaona ngati ilibe chondiuza ine wa khasu. Koma ndi yokhayo mwa atatuwa imene imakulola kukongola ku banki n'kumakudula chiwongoladzanja, kubwereka makina m'malo mogula, kulemba antchito amene malipiro awo amachoka ukuona, ndi kugwira ganyu m'minda ya anthu ena pogwiritsa ntchito makina obwereka.

Yesani izi. Yambitsani mafamu awiri pa mapu amodzi. Pa yoyamba kongolani mmene mungathere, gulani thirakitala yaikulu ndi makina okololera atsopano. Pa yachiwiri musagule chachikulu chilichonse. Bwerekani pa nthawi yokolola yokha, ndipo masiku ena muzigwira maganyu. Sewerani chaka chimodzi cha m'gemu pa iliyonse, n'kulemba ndalama yotsala mwezi ndi mwezi. Famu yanga yoyamba inali yokongola zedi, makina akuwala pabwalo, koma okololera aja ankagwira ntchito masiku ochepa pachaka, miyezi ina yonse akungokhala, ngongole ikudya. Funso limene ndinatolapo ndi lakuti, chinthuchi chizigwira ntchito masiku angati pachaka? Ndinalifunsa pa msonkhano pamene ena ankafuna kuti kalabu igule njinga yamoto ya ngolo pangongole. Titawerenga masiku, tinapeza kuti kuchita hayala kukutsika mtengo. Ena anakhumudwa, poti anali ataiona kale m'maso itapakidwa dzina la kalabu.

Gemuyi imaonetsanso mitengo ikukwera ndi kutsika mwezi ndi mwezi, ndipo ukasunga zokolola n'kugulitsa pa mwezi wabwino umapindula. Phunzirani kuwerenga mizere imeneyo, koma musaikhulupirire kwambiri. M'gemu mtengo ukatsika umabwereranso. Alimi a nandolo kuno sitidzaiwala 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kumeneko, mtengo n'kugwa chagada, anthu atawonjezera minda chifukwa cha mtengo wabwino wa m'mbuyomo. Amene anasunga akudikira kuti ukwere anangodyetsa anankafumbwe.

Kupatsa wina foni

Kuyendetsa ntchito si kugwira wekha zonse, ndipo apa pali kachiyeso kamene kanandichititsa manyazi. Lembani papepala malangizo a tsiku limodzi, perekani foni ndi pepalalo kwa munthu wina, inu muchokepo. Osaimba, osasuzumira. Madzulo muone zimene wachita.

Ulendo woyamba ndinalembera mphwanga kuti, "Udyetse ziweto, ugulitse zotsala." Nditabwera ndinapeza wagulitsa batala yense amene ndinkasungira oda ya boti limene limabwera kudzagula katundu mu Hay Day. Ndinayamba kukalipa, iye anangonditambasulira pepala. "Amalume, mwalemba nokha kuti zotsala. Batala anatsala." Ndinasowa chonena. M'mutu mwanga zinali zomveka, papepala munalibe. Ulendo wachiwiri ndinalemba tsamba lonse, mfundo 20, ndipo anangotsata zisanu zoyamba, zina anati zinamusokoneza. Ulendo wachitatu ndi umene unayenda. Ndinalemba zitatu zokha: cholinga cha tsikulo, zinthu zosakhudza, ndi malire a ndalama imene angagwiritse ntchito osandifunsa. Zina zonse ndinamusiyira aganize yekha, ndipo pena anaganiza bwino kuposa ine.

Ndikanadziwa zimenezi kale, sindikanayambana ndi mayi wina waganyu amene ndinamuuza kuti "mupalire kumunsiko" n'kudzamudula malipiro chifukwa kumunsi kwake sikunali kumunsi kwanga.

Timapepala ta tsoka

Tsopano ndinene bodza la magemuwa, chifukwa mukapanda kulidziwa mudzatuluka ndi mtima wodzikhulupirira kwambiri. M'gemu wogula amalipira pompo. Wantchito sadwala, mwana wake sadwala, kumudzi kwawo sikugwa maliro. Ndalama siigwa mphamvu usiku umodzi ngati mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza n'kusanduka nkhani ina. Mulibe chisaka, matenda aja amene anatha nthochi ku Thyolo ndi kuno. Mulibe Freddy, amene mu Marichi 2023 anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri n'kukokolola minda, milatho ndi anthu. Munda wa pafoni ukausiya umaupeza pomwepo.

Ndiye tsokalo muliikemo nokha. Ine ndinadula timapepala khumi, ndinalemba tsoka pa tisanu ndi titatu, n'kutiika m'chitini cha mkaka. Lolemba lililonse mwana wanga wamng'ono amatola kamodzi, ndipo chimene chalembedwapo ndimachitsata popanda kudandaula. Kena kamati, "Maliro: osagwira foni masiku awiri." Kena, "Chitopa: nkhuku zonse osazidyetsa sabata ino, mazira palibe." Kena, "Wogula sanalipire: ndalama ya lero uichotse m'kope, uziyesa kuti kulibe mpaka Lachisanu." Kena, "Mtengo wagwa: zonse ugulitse theka la mtengo." Kena, "Fizi: chotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zako, ugule chokongoletsera chopanda ntchito." Tiwiri ndi topanda kanthu, chifukwa masabata ena amadutsa bwino.

Mukasewera chonchi mwezi umodzi, kaseweredwe kanu kamasintha kokha. Mumasiya kuthira ndalama yonse m'chinthu chimodzi. Mumayamba kusunga kangachepe kosakhudza, osati chifukwa wina wakulalikirani, koma chifukwa kapepala ka fizi kanakupezani kawiri muli chimanjamanja. Mumayamba kufunsa kuti, chinthu ichi chikaima, china chimene chingandigwire n'chiti? Ku kalabu tinatengerako pokhazikitsa kathumba kapadera ka masiku amene malipiro a masamba achedwa, kuti mlimi asathamangire kwa wakatapila. Kukadali kochepa, koma mwezi wa Febuluwale chaka chino kanagwira mabanja angapo.

Za nthawi, dziikireni malire musanawaikiridwe. Magemuwa anapangidwa kuti azikukokani. Foni imalira kuti mazira akonzeka, iwe uli pakati pa pemphero. Zimitsani timauthenga timeneto. Ine ndimasewera theka la ola madzulo nditadya, ndi mphindi zochepa m'mawa, ndipo Lamlungu sindisewera, ndimangowerenga kope la sabata yonse n'kuika chizindikiro pamene ndinalakwitsa kawiri mofanana. Malire amenewa sindinawaike mwa kufuna kwanga. Tsiku lina ndinachedwa kukatsegulira mbuzi chifukwa ndinkadikira tchizi, ndipo mayi a kunyumba anaima pakhomo n'kufunsa mofatsa kuti, "Kodi za pafonizo zikakhuta, izi zenizenizi zidyanso?" Sindinayankhe, ndinangonyamula chingwe.

Gemu ikayamba kukuphwekerani, kope likamangodzaza ndi "zayenda monga ndinaganizira," isiyeni. Yatha ntchito yake. Ine Hay Day ndinaisiya patatha miyezi inayi, famuyo ndinapatsa mwana wanga. Kopelo ndi limene linapitirira, kungoti tsopano m'magawo anayi aja mumalembedwa makilo a masamba, matumba a feteleza ndi masiku a aganyu.

Mwezi watha mphwanga anandipempha kuti ndimubwereke mpamba woti ayambe nkhuku za nyama 50. Ndinamuuza kuti abwere ndi kope. Anabwera nalo Lachitatu madzulo, atalemba mtengo wa anapiye, matumba a chakudya sabata ndi sabata, katemera, makala otenthetsera, ndi nambala yozunguliridwa pamwamba. Ndinamufunsa kuti pathina pati. Anati si pakhola, ndi pamsika, chifukwa nkhuku zonse 50 zidzakula sabata imodzi ndipo tsiku lililonse zosagulidwa zizidya phindu, ndiye akufuna ayambe ndi 25, zina 25 zibwere pakatha milungu itatu. Kenako anatulutsa chitini changa chija m'thumba la jekete, anachigwedeza, n'kundipatsa kuti nditole. Ndinatola ka chitopa. Anatsegula tsamba lachitatu, pamene anali atawerengera kale zimenezo, ndipo pansi pake panali funso lolembedwa ndi pensulo: "Zikafa, amalume adikira mpaka liti?" Tinakambirana mpaka nyali ya sola inayamba kuzirala, ndipo tinagwirizana Disembala.